Kuphunzira zoyendetsa ntchito za zomangamanga: Poly, tekiniko, Kitwe, Joni, UK kapena pa intaneti?

Funso limeneli limabwera kwambiri zotsatira za MSCE zikangotuluka komanso nthawi yomwe ma sikolashipu atsegulidwa, ndipo ofunsa ake ndi osiyanasiyana, ena ndi makolo oti mwana wawo wakhoza bwino masamu, ena ndi anyamata oti akhala pa saiti zaka zambiri koma pepala alibe, enanso ndi ma injiniya oti atopa kumangolandira malamulo kwa bwana yemwe akuona kuti amamuposa nzeru. Nde yankho silingakhale limodzi ayi.

Tigwirizane kaye za ntchito yake chifukwa ambiri amaisokoneza. Akitekiti amajambula, injiniya amawerengera kuti chitsulo chikhale chotani ndipo maziko apite pansi bwanji, QS, kunena kuti quantity surveyor, amawerengera ndalama, koma woyendetsa ntchito ndi uja amene zonsezi zimamugwera pamutu tsiku lothira konkire. Tangoganizani m'mawa wa tsiku lothira silabu: amisiri afika 6 koloko, matumba a simenti alipo koma kwale yomwe inabwera dzulo ndi yochepa, mikisa ilibe dizilo poti pa filing'i pali mzere wofika kumsika, konsatanti sanabwere kudzaona zitsulo ndipo simungathire asanasaine, aganyu akufunsa za malipiro a sabata yatha, kumwamba nako kwayamba kuda. Munthu amene akuyenera kusankha kuti tithira lero kapena tiwabweze anthu, nadziwanso kuti kuwabwezako kuwononga ndalama zingati ndipo kalata yopempha masiku owonjezera ilembedwe bwanji, ameneyo ndi amene tikukamba pano.

Kuno kwathu anthu ambiri omwe akugwira ntchito imeneyi sanalowere pa khomo lolembedwa construction management. Ena analowera ku QS, ena ku civil engineering, ena ku tekiniko nkumakwera pang'onopang'ono. Digiri ya dzina lenilenilo imapezeka mosavuta kunja, nchifukwa chake nkhani yopita kunja imalowamo msanga.

Zomwe ndikuyang'ana pa njira iliyonse

Mtengo, osati fizi yokha koma lendi, chakudya, laputopu, ulendo, ndipo chachikulu, mulipira mu ndalama iti. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022 kenako ndi 44% mu Novembala 2023, amene anali ndi mwana kunja akukumbukira kuti fizi inakwera usiku umodzi sukulu isanasinthe kalikonse.

Kupezeka kwake, ndekuti malo alipo angati, akufuna mapepala anji, ndipo mungalowe liti.

Zosamalira, apa ndikutanthauza zomwe muzichita ndi kulipirabe kuti pepalalo likhale lamoyo, monga kulembetsa ku mabungwe a akatswiri, ndalama za pachaka, timakosi towonjezera.

Pomwe pali ngozi, ndiko kuti chingakugwetseni nchiyani.

Pamwamba pa zinayi ine ndimafunsanso chimodzi, njira imeneyi ikufikitsani pa saiti liti? Ntchitoyi theka lake limaphunziridwa mutavala gambutsi.

Poly, yomwe pano ndi MUBAS

Ambirife timangoti Poly mpaka lero olo kuti kuyambira 2021 inachoka pansi pa University of Malawi nkukhala yunivesite payokha. Ili pa Chichiri mu Blantyre. Makomo awiri akuluakulu olowera ntchito yathuyi ndi digiri ya quantity surveying ndi ya civil engineering, zonse za zaka 5.

Mtengo. Pa njira zonse za digiri iyi ndi yotsika, ndipo mukulipira mu kwacha, zomwe pazokha ndi mpumulo waukulu. Ovutika atha kupempha ngongole ku Loans Board, koma ndi ngongole ndithu, mudzabweza mukayamba ntchito. Chomwe chimadya ndalama kwenikweni ndi kukhala mu Blantyre, malo m'ma hositeli sakwanira onse nde ambiri amachita lendi ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa ndi madera ena oyandikira, onjezerani chakudya, minibasi, kusindikiza zojambula zikuluzikulu zija, komanso laputopu yoti itha kunyamula AutoCAD osamangozima.

Kupezeka kwake. Kulowa kumadzera mu chisankho cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Ma kirediti 6 ndi poyambira chabe, Chingerezi, masamu ndi fizikisi zikhale zolimba. Pali khomo lina la mature entry la anthu omwe ali ndi dipuloma ndipo agwirapo ntchito zaka zingapo, ambiri saliganizira koma lathandiza anthu ochuluka. Za Mzuni, inde kuli maphunziro oyeza malo, okonza mizinda ndi oyang'anira malo ndi nyumba, ndi abale ake a ntchitoyi koma si yomweyi, musapite kumeneko mukuganiza kuti mukatuluka ngati woyendetsa saiti.

Zosamalira. Digiri ikatha simunamalize. Wa QS amayenera kudzera ku Board of Architects and Quantity Surveyors, wa injiniya ku Malawi Engineering Institution, ndipo konseko mumayamba ngati womaliza kumene sukulu, kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa munthu wolembetsedwa kale, kusunga umboni wa zomwe mwachita, kenako nkuyesedwa. Pali ndalama ya chaka ndi chaka. Anthu amazengereza apa, nkudzadabwa tenda ikufuna CV ya munthu wolembetsedwa iwo ali ndi zaka 10 za ntchito koma dzina lawo silili m'kaundula.

Pomwe pali ngozi. Kalendala ya mayunivesite a boma imatha kusokonekera, zaka 5 nkukhala 6. Chinanso, QS ikuphunzitsani ndalama ndi ma kontirakiti bwino kwambiri koma pa nkhani ya mphamvu ya chitsulo ndi dothi mudzadalira ena, pomwe civil ikupatsani masamu a milatho ndi misewu koma BoQ, mndandanda wa ntchito ndi zipangizo ndi mitengo yake, ndi kuwerengera phindu mudzaziphunzira mochita kupunthwa. Ndikanati ndisankhire munthu amene cholinga chake ndi kudzayendetsa ntchito za nyumba kapena kudzakhala ndi kampani yake, ndikanati QS. Wofuna misewu, madamu ndi mapaipi a madzi, komwe kuli ndalama za Roads Authority, ma water board ndi ma dona, apite civil. Ndipo atachimenti musaitenge ngati tchuthi, pitani kwa kontirakitala osati mu ofesi ya fani ndi tiyi.

Tekiniko kenako nkumakwera

Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu, Livingstonia, awa ndi ma koleji akale a ntchito zamanja omwe ali pansi pa dongosolo la TEVETA. Mumayamba ndi kumanga njerwa, ukalipentala kapena zamipope, nkulowa pa saiti, kenako timakosi ta ufolomani ndi toyendetsa ma kontirakiti tomwe NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe pano likutchedwa CIRA, imachititsa, kenako dipuloma, mwina mpaka digiri kudzera mature entry ija.

Mtengo. Wotsika kuposa onse, ndipo mumayamba kupeza kangachepe msanga. Ndalama imatuluka pang'onopang'ono, kosi iyi chaka chino, ina chaka chamawa.

Kupezeka kwake. Ma koleji ali m'zigawo zonse zitatu, kuphatikizapo a m'madera omwe anatsegulidwa m'maboma ambiri. Malo othandizidwa ndi TEVETA amalimbiranidwa koma ambiri amalola olipira okha.

Zosamalira. Zida zanu, levulo, tepi, chipewa, nsapato zolimba. Ndipo sungani mapepala a ntchito iliyonse yomwe mwagwira, kalata ya bwana, dzina la pulojekiti, mtengo wake, udindo wanu, chifukwa tsiku lofunsira mature entry kapena kulembetsa kampani ku NCIC adzafuna umboni osati nkhani zapakamwa.

Pomwe pali ngozi. Denga lake lili pafupi. Mutha kukhala folomani wodziwa ntchito kuposa aliyense pa saiti, woti kungoyang'ana konkire mu wilibala mwadziwa kale kuti madzi achuluka, koma tenda za boma ndi za ma dona zimalemba kuti woyang'anira pulojekiti akhale ndi digiri, nde kamnyamata kongotuluka kumene kadzakhala bwana wanu. Zimawawa koma ndi mmene zilili. Ngozi ina ndi yoti ndalama ya saiti imakoma, munthu amati ndibwerera kusukulu chaka chamawa, chaka chamawacho nkubwera ndi mwana, sukulu nkuiwalika. Koma amene amapirira nkufika pa digiri kudzera njira iyi, kunena zoona ndi anthu ovuta kuwanamiza pa saiti.

Kitwe ndi Dar es Salaam

Copperbelt University ku Kitwe, Zambia, ili ndi sukulu yakale ya zomangamanga, ndipo ku Dar es Salaam, Tanzania, kuli Ardhi University yomwe imadziwika ndi maphunziro a malo, nyumba ndi chuma cha zomangamanga. Sindikhalitsapo apa.

Mtengo. Pakatikati, woposa Poly koma wosafika Joni, ndipo ndalama yake ndi yakunja ndithu. Ubwino wake kwanu mumafika pa basi, kudzera Mchinji kapena Songwe.

Kupezeka kwake. Lemberani nokha ku sukuluko, ndipo funsani mwa kalata kuti MSCE akuiwerengera bwanji komanso fizi ya mwana wa dziko la SADC ndi iti, yankho lake likhale lolembedwa.

Zosamalira. Chilolezo chokhalira m'dzikomo ngati wophunzira, ndipo pobwera pepala lanu likadzere ku NCHE kuti alizindikire.

Pomwe pali ngozi. Anzanu a m'kalasi, omwe mawa ndi amene amakuimbirani foni kuti kuno kukufunika munthu, adzakhala ku Zambia kapena ku Tanzania, inu nkubwera kuno opanda wokudziwani. Koma mavuto omwe mudzaphunzire ndi ofanana ndi athu, mvula yomweyi, dothi lomweli, boma lochedwa kulipira chimodzimodzi, pamenepo mwapindula.

Joni

Ngati mukufuna digiri yomwe ikuphunzitsa ntchitoyi mwachindunji, South Africa ndi komwe kuli zambiri. UCT ndi Wits ali ndi BSc ya Construction Studies ya zaka 3 kenako chaka cha honours chomwe mumasankha kupita ku construction management kapena ku QS. Pretoria, Nelson Mandela University ku Gqeberha, Free State ndi University of Johannesburg nawonso ali ndi ma dipatimenti a zomwezi.

Mtengo. Pangano la SADC la 1997 la zamaphunziro linati ana a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, nde fizi yake si ya azungu ayi, komabe mayunivesite amaonjezera ndalama ina ya ophunzira ochokera kunja, ndipo fizi yokha pachaka imadutsa R50,000 mosavuta. Onjezerani lendi ya ku Cape Town kapena Johannesburg, medical aid yomwe viza imafuna, ndipo ambiri amafuna mulipire gawo lalikulu musanalembetse. Tsopano sinthani zonsezo mu kwacha, pa mtengo weniweni womwe randi mungaipezere osati wolembedwa pa bolodi ku banki.

Kupezeka kwake. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. MSCE payokha nthawi zambiri siikwana kulowera digiri kumeneko, amafuna ma A-level kapena kuti munayamba kale yunivesite, ndipo muyenera kupeza chikalata cha exemption, chovomereza kuti maphunziro anu akukwana kulowera digiri. Wa masitazi mapepala ake amadzera ku SAQA, bungwe loyeza mapepala a sukulu kumeneko, komanso digiri yanu ikakhala kuti si ya honours atha kukuuzani kuti muyambire pa honours, chaka china chimenecho. Sukulu imayamba mu Febuluwale koma kulembera kumatsekedwa pakati pa chaka cham'mbuyo, nde amene wayamba kuganiza mu Novembala wachedwa kale. Mastercard Foundation ili ndi ma sikolashipu ku UCT ndi ku Pretoria, Canon Collins ndi Beit Trust amathandiza a masitazi.

Zosamalira. Viza ndi medical aid chaka chilichonse. Mukafuna kugwira ntchito komweko pali SACPCMP, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2000 lolembetsa oyendetsa ntchito za zomangamanga, nalo lili ndi magawo ake ndi ndalama zake. Viza ya sukulu imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata, sizokwanira kulipira fizi, musawerengerepo.

Pomwe pali ngozi. Ndalama kuthera pakati, iyi ndi ngozi yoyamba, ndipo sukulu siipereka zotsatira kwa munthu wa ngongole. Yachiwiri ndi chitetezo, tonse tikukumbukira zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ndi 2015 pomwe abale athu anabwera pa mabasi atasiya katundu, pa kampasi nthawi zambiri pamakhala bata koma saiti ili kunja kwa kampasi. Yachitatu ndi yaing'ono koma ilipo, kumeneko mudzazolowera ma kontirakiti a JBCC ndi makampani oti konkire amangoitanitsa pa foni nkubwera pa thiraki yosakaniza kale, mukabwera kuno ntchito zikuluzikulu zambiri zimayendera ma kontirakiti a FIDIC ndi mapepala a PPDA, bungwe loyang'anira tenda za boma, ndipo ma saiti ambiri konkire amasakaniza pompo. Zimaphunzirika, koma chaka choyamba mudzakhala mlendo kwanu komwe.

Masitazi ya ku UK

Reading, Loughborough, Heriot-Watt, Salford, mayina amenewa ndi akuluakulu pa maphunziro awa. Masitazi yake ndi ya chaka chimodzi basi, kuyambira Seputembala.

Mtengo. Fizi ya mlendo m'mayunivesite odziwika imazungulira kapena kudutsa £20,000, musanadye, musanagone, musanalipire viza ndi ndalama ya chipatala yomwe kuyambira 2024 ili £776 pachaka kwa wophunzira. Kwa banja wamba la ku Malawi, popanda sikolashipu njira iyi kulibe, ndipo ndimamva chisoni ndikamva kuti wina wagulitsa puloti ya makolo kuti alipire temu yoyamba poganiza kuti yotsalayo akaipeza ndi maganyu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Kupezeka kwake. Sikolashipu ya Chevening imatsegula cha mu Ogasiti, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka 2, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka 2. Pali Commonwealth, palinso Beit Trust yomwe ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, nde mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Kuyambira Januwale 2024 wa masitazi yophunzitsidwa m'kalasi saloledwa kutenga banja pokhapokha pa zifukwa zochepa, okwatira aganizirepo bwino.

Zosamalira. Ma digiri ambiri amenewa amakutsegulirani njira ya CIOB kapena RICS, mabungwe a akatswiri a ku UK, zilembo zomwe zimalemera pa CV makamaka kwa ma dona ndi makampani akunja. Koma umembala wake mumalipira mu mapaundi chaka chilichonse, ndipo mukasiya kulipira zilembozo simuloledwanso kuzilemba.

Pomwe pali ngozi. Kupita msanga. Munthu wongotuluka kumene digiri, sanakanganepo ndi kontirakitala pa variation, kusintha kwa ntchito ili mkati, sanadikirepo satifiketi ya malipiro miyezi 8, akakhala m'kalasi ya risk management amangolemba manotsi. Woti wakhala pa saiti zaka 4 kalasi yomweyo amaimva m'mafupa. Chinanso zambiri zomwe akuphunzitsa, BIM yomwe ndi kupanga chithunzi cha nyumba yonse pa kompyuta isanamangidwe, ma kontirakiti a NEC ndi JCT, nyumba zopangidwira ku fakitale nkudzangolumikiza, ndi za msika wawo. Ndi nzeru zabwino, koma mukabwera nazo kwa kontirakitala woti pulogalamu yake ya ntchito ili pa pepala lomata kukhoma, muyenera kudziwa chotenga ndi chosiya, apo ayi mudzangokhala munthu wodandaula mu Chingerezi chabwino.

Pa intaneti muli pa ntchito

Heriot-Watt ndi University of the Built Environment ya ku Reading, yomwe kale inali University College of Estate Management, ndi ena mwa omwe akhala akuphunzitsa anthu ali kwawo kwa nthawi yaitali. Commonwealth ilinso ndi ma sikolashipu a ophunzira ali kwawo.

Mtengo. Wotsika kuposa kupita, poti lendi ndi ndege palibe ndipo salale ikubwerabe, mumalipira gawo ndi gawo. Koma ndi mapaundi ndithu, ndipo kupeza ndalama yakunja ku banki pa nthawi yake ndi ntchito payokha. Bandulo, ndi kena kosungira magetsi, ziwerengereni.

Kupezeka kwake. Kulowa nkosavuta poyerekeza ndi njira zina, ena amaganizira zaka zomwe mwagwira ntchito olo digiri yanu ili ya phunziro lina.

Zosamalira. Nthawi yanu. Saiti imakuwerukitsani 6 koloko madzulo mutatopa, asainimenti ikufunika pakati pa usiku, netiweki kumene kuli pulojekiti ya mlatho kulibe. Zaka 2 kapena 3 za moyo wotero. Mwa njira, PMP si digiri, ndi satifiketi ya kayendetsedwe ka mapulojekiti yochokera ku bungwe la PMI yomwe imafuna kuikonzanso zaka 3 zilizonse, ndi yabwino kuonjezera pamwamba koma siilowa m'malo mwa digiri pa tenda.

Pomwe pali ngozi. Masukulu abodza. Pa Facebook pali zotsatsa za MBA ya zomangamanga ya miyezi 6, ma logo ambirimbiri, mtengo wotsitsidwa mukalipira lero. Musanatumize tambala, funsani ku NCHE ngati pepalalo adzalizindikire, ndipo onani pa tsamba la CIOB kapena RICS lenilenilo ngati kosiyo ilipo pa mndandanda wawo. Ngozi ina ndi kusiyira panjira, komwe kumachitika mwakachetechete, munthu amangodumpha temu imodzi kuti apume basi osabwereranso.

Kafukufuku, masitazi yofufuza ndi PhD

Iyi ndi njira ina payokha ndipo si ya aliyense. MUBAS ili ndi masitazi ya Infrastructure Development and Management yomwe anthu ambiri apantchito amachita, ndipo kunja kuli ma dipatimenti omwe atchuka ndi mbali zawo, monga Nelson Mandela University komwe Pulofesa John Smallwood wakhala akulemba za chitetezo cha anthu pa saiti kwa zaka zambiri. Ku UK ofufuza a phunziroli ali ndi bungwe lawo, ARCOM, kuyambira 1984, ndipo magazini ya Construction Management and Economics ndi imodzi mwa zomwe amaziwerengera kwambiri.

Mtengo. PhD yodzilipirira nokha ine sindingalimbikitse, kaya kuno kaya kunja. Zaka 3 mpaka 5 za moyo wanu, ndipo kontirakitala sadzakuonjezerani salale chifukwa mwakhala dokotala. Fufuzani ya sikolashipu kapena yoti abwana anu, makamaka ngati ndi yunivesite, akulipirireni.

Kupezeka kwake. Chosowa si malo koma supavaiza. Sankhani munthu osati dzina la sukulu, werengani zomwe walemba, funsani ophunzira ake akale kuti amayankha ma imelo pakapita nthawi yaitali bwanji.

Zosamalira. Kulemba ndi kusindikiza mapepala, misonkhano yomwe ulendo wake ndi wa madola, ndipo ma data, omwe kuno ndi ovuta kupeza poti ma kontirakitala safuna kuonetsa mabuku awo ndipo m'maofesi mafayilo a pulojekiti yakale amakhala m'makatoni.

Pomwe pali ngozi. Magazini achinyengo omwe amasindikiza chilichonse mukalipira, pepala lotero limakuchotserani ulemu m'malo mokuonjezera. Koma chomwe chimandinyansa ine kwambiri ndi mutu umodzimodzi womwe wabwerezedwa mu Africa monse, zifukwa zomwe mapulojekiti amachedwera. Munthu amagawa mafunso oti chongani 1 mpaka 5, nkuwerengera, nkupeza kuti choyamba ndi kuchedwa kwa malipiro. Folomani aliyense akanakuuzani zimenezo ulere. Pomwe mafunso enieni ali mbwee osafufuzidwa mokwanira. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa ntchito za boma ndi zamalonda, nanga mabuloko a simenti omwe akuumbidwa m'mbali mwa misewu mphamvu yake ndi yotani, alipo akuwayeza? Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi Ana mu Januwale 2022 anagwetsa milatho ndi nyumba zambiri kummwera, zomwe zinatsala zinamangidwa mosiyana bwanji ndi zomwe zinapita? Ku Karonga chivomerezi cha 2009 chitachitika anthu anamanganso, nyumba zimenezo zili bwanji pano? Kontirakiti yosainidwa mu kwacha mu Okutobala 2023 inatha bwanji simenti ndi zitsulo zitakwera, ndime yosinthira mitengo inateteza ndani? Nanga kontirakitala wamng'ono yemwe watenga ngongole ku banki pa chiwongola dzanja chathu chino podikira boma, phindu lake limatha pa mwezi wachingati? Kafukufuku wotere amafuna kupita ku saiti ndi tepi ndi kope, ndipo wophunzira wa ku Blantyre ali pabwino kumuchita kuposa wa ku Loughborough.

Ndiye inu mupite kuti

Mwangolemba MSCE ndipo mapointi ali bwino, masamu ndi fizikisi zolimba: Poly, QS ngati mtima uli pa nyumba ndi bizinesi, civil ngati uli pa misewu ndi madzi. Tchuthi chilichonse pezani saiti olo asakulipireni, ndipo MS Project ndi Excel muziphunzire nokha osadikira kalasi.

Mapointi sanafike kapena kunyumba ndalama palibe: tekiniko, kenako saiti, koma dziikireni chaka chomwe mudzafunsire dipuloma ndipo muuzeko munthu woti azikukumbutsani.

Ndinu folomani wa zaka zambiri, banja lilipo: musasiye ntchito. Timakosi ta NCIC, dipuloma ya madzulo kapena ya kumapeto kwa sabata, kenako mature entry.

Makolo ali ndi ndalama yakunja yodalirika, kapena m'bale ali ku Joni ndi mapepala abwino ndi malo ogona, mwana ali ndi ma A-level: South Africa, koma ndalama ya zaka zonse 4 ioneke poyambirira, osati ya chaka choyamba chokha. Ikakhala yoperewera pang'ono, Kitwe.

Muli ndi digiri ndi zaka 3 kapena kuposa pa saiti: lembetsani kaye ku bungwe lanu la akatswiri ngati simunatero, kenako yesani Chevening, Commonwealth ndi Beit chaka chilichonse. Zikakanika kawiri katatu, masitazi ya ku MUBAS kapena ya pa intaneti ikufikitsani pa mipando yomweyo m'maofesi ambiri a kuno.

Muli ndi kampani yanu kale ndipo vuto lanu ndi loti ntchito mumapeza koma phindu silioneka: simukusowa masitazi. Kosi yaifupi ya FIDIC ndi ya kawerengedwe ka mitengo, komanso kulemba QS wabwino olo wa masiku awiri pa sabata, zikubwezerani ndalama msanga.

Mukufuna kuphunzitsa ku yunivesite kapena kulowa m'maofesi okonza malamulo a zomangamanga: masitazi yofufuza kenako PhD ya sikolashipu, mutu wake wa kuno, ndipo ngati sukulu yakunja ikulola kuti miyezi ina muzikhala kuno mukutolera ma data, tengani imeneyo.